MAU A PAKHOMO: Za Kaundula wa Sitandade 1



Mwezi uno ndifuna kuti tipenye pamodzi m'buku lina limene ambiri a ife sitinalitsegulepo chibadwire, ngakhale maina a ana athu ali m'menemo. Buku lake ndilo kaundula wa sukulu ya Boma. Likhala pa tebulo la mphunzitsi wamkulu, chikuto chake chitada ndi thukuta la manja, ndipo m'kati mwake mulibe nthano kapena nyimbo, koma mizere yokhayokha: dzina la mwana, ngati ali mwamuna kapena mkazi, tsiku la kubadwa kwake, mudzi wake ndi mfumu yake, ndi dzina la kholo kapena la womlera. Koma munthu akaliwerenga mofatsa, bukulo limuuza za mudzi wake zinthu zimene ngakhale anyakwawa sangamuuze pabwalo.

Pamene sukulu zinatsegulidwa m'mwezi wa September, ndinali paulendo wa panjinga, ndipo ludzu linandipatutsira pa sukulu ina ya kwathu kuno. Ndinapeza amai ambiri atakhala pansi pa mtengo wa mango, yense ndi mwana pambali pake, ena ndi khanda kumbuyo. Aphunzitsi awiri anali atatulutsa tebulo pakhonde, alikulemba ana a Sitandade 1. Nditamwa madzi sindinapitirire ulendo. Ndinakhala pa muzu wa mtengo, ndipo ndinaona ana atatu amene sanachoke m'mtima mwanga kufikira lero.

Woyamba anali kamnyamata kakang'ono, kovala malaya a mkulu wake ofika m'maondo. Amake anati kali ndi zaka 6, koma kalata ya kubadwa analibe, ndipo buku la kusikelo anati linadyedwa ndi chiswe. Tsono mphunzitsi anachita monga ankachitira aphunzitsi athu kale: anakauza kuti kadutsitse dzanja lamanja pamwamba pa mutu, kagwire khutu la kumanzere. Kanayesetsa, kanapendeketsa mutu, koma zala zinalekera panjira. Amai onse anaseka, ndi amake omwe anaseka, nati: “Aphunzitsi, mlembeni ndithu. Mkulu wake akamapita iye amatsala alikulira, ndiponso kuno kuli phala.”

Wachiwiri anali mtsikana wamsinkhu, amene anadza ndi agogo ake. Poima pamzere anaposa anzake onse, ndipo maso ake sanachoke pansi. Atafunsidwa zaka zake, agogo anati anabadwa nthawi ya madzi osefukira aja a mu January 2015. Ndiye kuti anali atakwana zaka 10. Chinamchedwetsa nchakuti analikulera mng'ono wake pamene amake anali ku maganyu.

Wachitatu sanaime pamzere konse. Anaima kutsidya kwa mseu pamodzi ndi mbuzi zake, alikuyang'ana anzake. Nditafunsa, anandiuza kuti ngosamva, ndi kuti makolo ake amati sukulu siingampindulire kanthu.

Wina anafulumira, wina anachedwa, wina sanalembedwe konse. Ndidzanena za yense payekha; koma tiyambe tamvetsa chimene chimadzaza khonde la Sitandade 1 chotere.

Chisanafike chaka cha 1994, mwana wa ku pulaimale ankalipira fizi. Ndalama zake sizinali zambiri pamaso pa munthu wa pantchito, koma kwa mlimi wa ana ambiri zinali mpanda wautali. Tate ankakhala pansi kusankha kuti ndani mwa ana ake apite ndipo ndani atsale, ndipo wotsalayo kawirikawiri anali mwana wamkazi. M'1994 Boma la Bakili Muluzi linachotsa fizi m'sukulu za pulaimale za Boma, nilileka kukakamiza yunifolomu. Ophunzira anali ngati 1.9 miliyoni, ndipo m'chaka chimodzi chokha anafika ngati 3 miliyoni.

Ine ndinali mnyamata wa pasukulu masiku amenewo, ndipo sindidzaiwala m'mawa umene tinapeza bwalo lathu la mpira litadzaza anthu. Anadza ana a nsanza, anadzanso anyamata oyamba kumera ndevu amene dzulo lake analikubusa ng'ombe, nakhala pafumbi pamodzi ndi tiana kuphunzira a, e, i, o, u. Zipinda sizinakwane, kotero kuti mtengo uliwonse wa mthunzi unasanduka kalasi, bolodi atalitsamiritsa pa tsinde. Aphunzitsinso sanakwane, Boma linalemba ntchito zikwizikwi za anyamata ndi atsikana amene sanapite ku koleji ya uphunzitsi, niliwaphunzitsa masabata owerengeka, niliwatuma m'midzi. Ena ananyoza, nati maphunziro aonongeka. Kunena zoona mavuto anadza ambiri, ndipo ena alipobe. Koma ine ndidziwa anthu amene lero alikuwerenga makalata ndi kulemba maina ao chifukwa cha khomo limene linatseguka chaka chimenecho.

Khamulo silinaleke kukula. M'chaka cha 2018, pamene Boma linawerenga anthu onse a m'Malawi, linapeza anthu 17.5 miliyoni, ndipo theka la iwo anali ana osafika zaka 18. M'chaka chomwecho olembedwa m'sukulu za pulaimale anapitirira 5 miliyoni. Taganizani: mwa anthu 10 alionse a dziko lino, kuyambira khanda kufikira nkhalamba, pafupifupi atatu anali ana a pulaimale.

Koma khamu limeneli silinagawike molingana m'makalasi. Lili ngati chulu, chotambalala pansi ndi chosongoka pamwamba. M'zaka za 2018 kufikira 2023, a Sitandade 1 m'dziko lonse anali ngati 1 miliyoni chaka ndi chaka, pamene olemba mayeso a Sitandade 8, amene amakonzedwa ndi bungwe la MANEB, sanafike 300,000 m'chaka chilichonse. Mbali ina ya kusiyanaku idza chifukwa chakuti ana obadwa achuluka chaka ndi chaka. Koma mbali yaikulu idza ndi zinthu ziwiri, ndizo kubwereza kalasi ndi kulekera panjira. Boma lifuna kuti mphunzitsi mmodzi akhale ndi ana osaposa 60, koma m'Sitandade 1 sichachilendo kupeza ana oposa 100 pamaso pa mphunzitsi mmodzi. Kuitana maina kokha kumdyera nthawi yambiri, ndipo mwana wokhala kumbuyo angathe kutha sabata yathunthu kope lake lisanagwidwe ndi dzanja la mphunzitsi.

Zipinda ndi aphunzitsi ndizo ntchito ya Boma, ndipo tiyenera kulikumbutsa kosaleka. Koma pali chinthu china chimene chili m'manja mwathu ife makolo, ndicho nthawi yolembetsa mwana.

Ife alimi tidziwa kuti mbeu ili ndi nyengo yake. Wobzala pa chizimalupsa, mbeu yake imera niipserera ndi dzuwa. Wobzala mochedwa, chimanga chake chifika pomasula mvula italekeza, ndipo akolola mapesi okha. Momwemonso sukulu ili ndi nyengo yake, ndiyo zaka 6. Mwana woyamba pa msinkhu umenewu, akapanda kubwereza, atsiriza Sitandade 8 ali ndi zaka 13 kapena 14.

Tsono tibwerere kwa kamnyamata kaja. Mwana wa zaka 4 sanakhwime zala kuti agwire pensulo, ndipo sangathe kukhala chete nthawi yaitali. Dzuwa likakwera amaodzera, anzake akuluakulu amamkankha, ndipo pakutha pa chaka alephera mayeso. Abwereza, mwina kawiri. Pofika zaka 6, pamene anayenera kuyamba ndi mtima wokondwa, iye waphunzira kale chinthu chimodzi chachikulu, chakuti sukulu ndi malo amene iye amalepherako. Maganizo oterewa akazika mizu mwa mwana savuta pang'ono kuwazula. Ndiponso kukhala kwake m'kalasimo kwapanikiza anzake amene nyengo yao inakwana.

Sindilikuweruza mai uja potchula phala. Njala ilibe manyazi, ndipo phala la kusukulu lapulumutsa ana ambiri. Bungwe la Mary's Meals, limene linayamba kuphikira ana m'dziko muno m'chaka cha 2002, lakokera ku sukulu ana ambirimbiri amene akadatsala pakhomo. Koma malo a mwana wa zaka 3 kufikira 5 ndiwo sukulu ya mkombaphala ya m'mudzi, kumene amaphunzira kuimba, kusewera ndi anzake, kuwerenga timiyala ndi kumvera wamkulu amene sali mai wake. Mudzi umene ulibe sukulu yotere usadikire alendo. Chisakasa, mphika, mbale ya chimanga kuchokera pakhomo lililonse nthawi yokolola, ndi amai awiri kapena atatu odzipereka, ndizo zofunika poyamba.

Za mtsikana wochedwa uja ndilemba ndi mtima wolemera, pakuti nkhani yake ndiidziwa kuchokera m'nyumba ya atate anga. Mlongo wanga analowa sukulu ali ndi zaka 10, chifukwa analikulera ine ndi mng'ono wanga. Anali wanzeru koposa ife tonse. Masamu amene ine ndinkalimbana nao usiku pa koloboyi iye ankawapeza ndi mutu alikusinja. Koma anabwereza kalasi chifukwa cha kujomba, ndipo anakula chinamwali asanafike pakati pa ulendo. Anzake a m'kalasi anali tiana, anzake a msinkhu wake analikukwatiwa, ndipo aliyense wodutsa ankamfunsa kuti alikudikira chiyani. Tsiku lina anapachika chikwama chake pamsomali, osachitenganso. Palibe anamkwapula, palibenso anamthamangitsa. Nyengo yake inatha ulendo usanathe. Lero ndikamwerengera kalata ya mwana wake, ndidziwa kuti kuwerenga kwangaku ndinakugula ndi zaka zake.

Werengerani nokha. Woyamba ndi zaka 10, ngakhale asabwereze ndi kamodzi komwe, afika Sitandade 5 ali ndi zaka 14, natsiriza Sitandade 8 ali pafupi ndi zaka 18. Akabwereza kawiri, zaka 15 zimpeza akadali m'Sitandade 4. Ndi ana angati angapirire kufikira pamenepo?

Pa khomo la Sitandade 1 atsikana ndi anyamata alikulowa pafupifupi molingana, chinthu chimene agogo athu sanachione. Olekera panjira nawonso ali a mbali zonse ziwiri, koma zowakoka zisiyana. Mtsikana akokedwa ndi ntchito za pakhomo, ndi mimba, ndi ukwati. Mnyamata akokedwa ndi ganyu, ndi minda ya fodya, ndi ngalawa za kunyanja, ndipo m'maboma ena ndi ulendo wa ku Joni, poona anzake abwerako ndi wailesi ndi njinga yamoto. Zonsezi zimkoka mwana wamkulu. Wa zaka 9 sizimkoka kwenikweni. Chifukwa chake amene ayamba msanga apita patali mphepo zimenezi zisanayambe kuomba.

Malamulo a dziko aima kumbali ya mwana, ndipo nkofunika kuti tiwadziwe. Kuyambira m'1993 mtsikana amene analeka sukulu chifukwa cha mimba aloledwa kubwererako atabereka. Lamulo la maphunziro la m'2013 linena kuti maphunziro a pulaimale m'sukulu za Boma ngaulere ndiponso ngokakamiza. M'2015 kunakhazikitsidwa lamulo loletsa ukwati wa munthu wosafika zaka 18, ndipo m'2017 Nyumba ya Malamulo inakonzanso malamulo aakulu a dziko kuti agwirizane nalo. Koma lamulo lilibe miyendo yoyenda m'makomo kukadzutsa ana m'mawa. Ntchito imeneyo njathu. Ndipo ngati pakhomo panu pali mwana amene nyengo yake inapita kale, musanene kuti basi kwatha. Mlembetseni chaka chino, mumlimbitse mtima, ndipo muletse abale ake kumseka. Kukolola pang'ono kuposa kusiya munda uli tsala.

Tsopano mwana wachitatu, amene dzina lake mulibe m'buku. Ana otere alipo m'midzi yathu yonse: osamva, osaona, opunduka miyendo, a khunyu, ochedwa kugwira zinthu, ndi a khungu lachialubino amene makolo amaopa kuwatulutsa. Ena timawabisa chifukwa cha manyazi, ena chifukwa cha chikondi chamantha. Koma mwana wosamva ali ndi nzeru monga anzake. Chimsowa ndi munthu wodziwa kulankhula naye ndi manja. Ku Nguludi, m'boma la Chiradzulu, kuli koleji ya Montfort imene iphunzitsa aphunzitsi a ana otere. Sukulu za ana osamva zilipo ku Nguludi komweko ndi ku Mua m'boma la Dedza. Ya ana osaona iliko ku Chilanga m'boma la Kasungu. Ndipo pa sukulu zina za Boma pali chipinda chapadera chowathandizira. Mwana wachialubino kawirikawiri afuna zinthu zochepa: chipewa, malaya a manja aatali, malo a kutsogolo pafupi ndi bolodi chifukwa maso ake saona patali, ndi anzake oyenda naye panjira. Yambani ndi kukaonana ndi mphunzitsi wamkulu wa sukulu yapafupi, iye adzakulozerani njira.

Pakuti sukulu ya Boma siisankha. M'kaundula mwake mwana wa mfumu ali pamzere umodzi ndi mwana wamasiye, wa mpingo wathu ndi wa mpingo wina, Mkhristu ndi Msilamu. Mulinso zilankhulo zambiri. Mwana wa ku Mangochi amene pakhomo alankhula Chiyao, wa ku Nsanje amene alankhula Chisena, wa ku Rumphi amene alankhula Chitumbuka, onsewa akalowa m'kalasi apeza mabuku a Chichewa ndi a Chingerezi, ndipo ntchito yao ya chaka choyamba ikhala iwiri: kuphunzira malembo ndi kuzolowera chilankhulo. Muphunzitse mwana wanu kuti asaseke mnzake wolankhula mosiyana naye, ndi kuti wamasiye amene alibe pensulo amgawireko. Mwana wa mnzako ngwako yemwe.

Wina angafunse kuti, kodi kunama pang'ono pa zaka za mwana kuononga chiyani? Kuononga ndithu. Chaka ndi chaka mphunzitsi wamkulu amatumiza chiwerengero cha ana ake ku ofesi ya maphunziro ya m'boma lake, ndipo kuchokera kumeneko chipita ku Unduna wa Maphunziro ku Lilongwe. Pa chiwerengero chimenecho mpamene akuluakulu amayang'ana pogawa aphunzitsi ndi mabuku, ndi pofuna kudziwa kumene kulikusowa zipinda. Mwana wosalembedwa saoneka kwa iwo, ndipo palibe angamkonzere malo. Zaka zabodza zisokoneza chithunzi chonse, ndiponso zimtsata mwanayo kufikira pa masatifiketi ake, nizimvuta atakula.

Tsono, abale anga, ndikupemphani zinthu izi.

Choyamba, dziwani tsiku limene mwana wanu anabadwa. Kuyambira m'2015 lamulo lifuna kuti mwana aliyense wobadwa alembedwe ku Boma. Sungani kalata yake ndi buku la kusikelo m'chitini chotseka, kutali ndi chiswe ndi mvula. Ngati zinatayika, ndipo mwanayo anabatizidwa ali wakhanda, tsiku la kubadwa kwake linalembedwa m'buku la ubatizo ku parishi, bwerani, tidzakufunirani.

Chachiwiri, mlembetseni ali ndi zaka 6, mkazi ndi mwamuna yemwe, wamphamvu ndi wolumala yemwe. Khanda likasowa mlezi, akulu a banja akhale pansi nafune njira ina. Mwana asalipire ndi moyo wake wonse ntchito ya zaka zitatu. Sukulu ikakhala kutali, kapena kutsidya kwa mtsinje, makomo oyandikana apangane kuti wamkulu mmodzi aziperekeza ana mosinthana.

Chachitatu, musayese kuti ntchito yatha dzina likalembedwa. Kaundula wina amaitanidwa m'mawa uliwonse, ndipo ndiye amene anena zoona. Masiku amene ana amasowa tiwadziwa tonse: tsiku la msika, nthawi yopalira, miyezi ya njala ya January ndi February, ndi pamene mitsinje yadzaza. Mwana wa Sitandade 1 akajomba sabata imodzi, apeza anzake apitirira malembo angapo, ndipo m'khamu lotere palibe amene adzabwerere kukamtola. Madzulo mfunseni chimene waphunzira. Ngakhale inu simudziwa kuwerenga, muuzeni alembe pansi ndi chala, ndipo mumyamikire.

Chachinai, pitani ku misonkhano ya makolo ndi aphunzitsi. Funsani kuti ana a Sitandade 1 alipo angati chaka chino, aphunzitsi ao ndi angati, angati abwereza, ndipo angati analekera panjira chaka chatha. Akomiti ya sukulu ndi a gulu la amai asamagwira ntchito okha ngati kuti anawo ngao okha. Ndipo inu mafumu, muuze anyakwawa ayende khomo ndi khomo sukulu zisanatsegulidwe, awerenge ana onse a zaka 6, kuti pasapezeke wotsala kuseri kwa nkhokwe.

Kamnyamata kaja mphunzitsi anakabweza mokoma mtima, nauza amake kuti adzabwere nako nyengo yake ikakwana. Mtsikana uja analembedwa, ndipo ndamva kuti sajomba. Koma wa mbuzi uja akadali kutsidya kwa mseu. Ndapangana ndi mphunzitsi wamkulu kuti Loweruka likudzali tikacheze ndi makolo ake. Inunso musanagone usiku uno, tchulani maina a ana a m'mudzi mwanu mmodzimmodzi, ndipo muone ngati palibe wina wonga iye.

Tsalani bwino, tidzachezanso mwezi wamawa.

Ndine wanu,
Katekisiti